Namondwe amene tinamuthawa ku Vilankulo

Lachisanu, 17 Febuluwale 2023, Rosettenville

Magetsi azima 6 koloko madzulo monga mwa ndandanda wawo, ndiye ndalongedza zida foni ili kukamwa m'malo mwa tochi. Macheka awiri, dirilo, hamala wanga wakale amene ndinachoka naye ku Blantyre, mabokosi a masikuluwu, ndi ufa wa makilogalamu 10. Ufawo ndi lamulo la mayi a kunyumba, akuti ku Mozambique akatidyetsa mpunga ndi buledi mpaka mathalauza azivuka okha.

Ntchito yake ndi iyi. Abwana amene ndimawakhomera makabati ku Randburg ali ndi nyumba ya kunyanja kufupi ndi Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane. Khonde lake la matabwa ladyeka ndi mchere, ndipo akufuna latsopano Pasaka isanafike. Atipatsa bakkie yawo, ndalama za mafuta, ndi masabata awiri. Tikupita atatu: ine, alamu anga amene ndi dalaivala, ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene wangotha miyezi isanu ndi iwiri ku Joni kuno ndipo nyanja ya mchere amangoionera pa kalendala.

Ndawaimbira amayi ku Chilobwe kuwatsanzika. Nkhawa yawo ndi kolera basi. Chiyambireni chaka chatha matendawa atha anthu kumudzi, ndiye akuganiza kuti dziko lonse lili momwemo. "Madzi muzikawiritsa, mwamva? Ndipo mwana wa eniakeyo asakalowe m'nyanja." Ndavomera zonse.

Loweruka, 18 Febuluwale, Macia

Tanyamuka 3 koloko usiku. N12 mpaka eMalahleni, kenako N4, kulipira pa zipata za msewu, kutsika mapiri kulowera ku Mbombela. Ukamafika ku Komatipoort umachita kumva kuti wachoka pamwamba, kutentha kumakulandira ngati wa ku Nchalo. M'mbali mwa mitsinje mabango agona mbali imodzi, mapulasitiki ali lende m'mitengo. Madzi osefukira a sabata yatha aja anafika pamenepo.

Pa boda ya Lebombo ndi Ressano Garcia tatayapo maola awiri, makamaka chifukwa cha mapepala a galimoto ndi matabwa. Maputo tamulambalala. Tagona pa Macia, pamene amayi ogulitsa amathamangira galimoto ndi timatumba ta mtedza wokazinga uja alamu amautchula kuti mbibu. Akuti kwawo ku Mangochi mitengo yake ilipo koma ana amangodya zipatso n'kutaya ndalama pansi.

Lamulungu, 19 Febuluwale, Vilankulo

Msewu wa EN1 ndi umodzi wokha, ngati chingwe choyanikapo zovala, ndipo midzi yonse yapachikidwa pamenepo. Tisanalowe mu Xai-Xai msewu umayenda pamwamba pa chiunda chomanga, uku dambo uku dambo, mpaka pa mlatho wa Limpopo. Lero madzi anali mbee mbali zonse ziwiri. Alamu anachepetsa liwiro n'kuyang'ana kunja nthawi yaitali. Akuti chigumula cha m'chaka cha 2000 chinamiza tauni ya kumunsiyi, ndipo madalaivala akale amasimbabe. "Alamu, apa pakaduka ndiye kuti Joni timuiwale," anatero. Ine ndinangoseka, maganizo anga anali pa nsima.

Kuchoka apo ndi kokonati yekhayekha. Quissico ndi matamanda ake obiriwira, Inharrime ndi mabotolo a tsabola m'mbali mwa msewu, Maxixe, Massinga, mpaka pa mphambano ya Pambarra pamene umakhotera kumanja. Kuchoka ku Maputo ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo msana wanga wawerenga iliyonse.

Tafika madzi ataphwa. Mphwanga anathamangira kugombe n'kubwerako nkhope ili yakugwa: "Amalume, nyanja ija ili kuti?" Ngalawa zinali zitagona chammbali pamchenga, amayi akutola nkhono kutali uko, ndipo zilumba za Magaruque ndi Benguerra zimaoneka ngati ungapiteko wapansi. Pofika madzulo madzi anali atabwerera mpaka m'munsi mwa mpanda. Ngakhale alamu, amene anabadwira m'bwato, anagwira pakamwa. Nyanja yathu ya Malawi siichoka pamalo kawiri patsiku.

Mlonda wa pano ndi bambo wachikulire, tikungomutchula kuti madala. Chilankhulo chawo ndi Xitswa, ife Chipwitikizi sitichidziwa, koma anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Carletonville. Ndiye tikumvana m'Chizulu chosakaniza ndi Fanakalo, chija agogo anga aamuna ankatukwanira mbuzi atabwera ku Wenela.

Lolemba, 20 Febuluwale

Taphwasula theka la khonde. Misomali yonse yasanduka dzimbiri, ukaikoka imangothokoka mutu. Kuno chitsulo wamba sichikhala, pamafunika masikuluwu osachita dzimbiri, ndipo ndayamika kuti ndinakakamira kugula odulawo.

Masana mayi a kunyumba atumiza chithunzi pa WhatsApp, chochokera pagulu la amayi a kumpingo: chinthu choyera chozungulira ngati mbale ya nsima, chili pakati pa nyanja. Akuti ndi namondwe, dzina lake Freddy, lero akudutsa kumpoto kwa Mauritius ndi Réunion. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa mwezi uno ndipo waoloka nyanja yonse ya India osatopa. Mphwanga anayang'ana mapu n'kunena kuti pakati pathu ndi iyeyo pali Madagascar yense, chilumba chachikulu kuposa Malawi kangapo. Tinagwirizana kuti akakathera komweko.

Kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Madala ataona chithunzicho sanaseke nafe. Anapempha kuti ndiwakulitsire, n'kuchiyang'ana, n'kubweza foni osanena kanthu.

Lachiwiri, 21 Febuluwale

M'mawa ndapeza madala atakhala pa mulu wa matabwa atsopano, wailesi ili pakhutu. Nditatenga macheka anandigwira dzanja. "Musadule amenewa. Mudzawafuna."

Kenako anatikhazika pansi ngati ana a sukulu. Akuti mawa, pa 22 Febuluwale, zikwana zaka 16 chibwerereni namondwe wotchedwa Favio, wa mu 2007. Nayenso anachokera cha ku Madagascar. Vilankulo anatsala yopanda madenga, ndi chipatala chomwe chinasasuka. Iwo anabisala m'bafa ya nyumba ino ndi ana awo, chifukwa ndi chipinda chaching'ono cha makoma anayi oyandikana. Chimene sachiiwala si mphepo ayi, koma bata la pakati. Mphepo inangoti zii, anthu n'kutuluka kukatola malata awo, kenako inabwerera kuchokera mbali inayo. Limenelo ndiye diso la namondwe. Anawerenganso ena pa zala: Dineo wa 2017 ku Inhambane, Idai wa 2019 ku Beira.

Alamu anayesa kulimba mtima, akuti iwo mwera amaudziwa, wawapezapo pakati pa nyanja kangapo. Madala anafunsa kuti mwerawo umakankhira nyanja kumtunda mpaka kulowa m'nyumba? Alamu anati ayi. Akuti ndiye si umenewo. Namondwe akakumana ndi nthawi yoti madzi adzaze, nyanja imakwera gombe yonse ngati khoma.

Madzulo nkhani yamveka kuti Freddy wagunda Madagascar cha ku Mananjary. Mphwanga wapeza pa intaneti mapu a akatswiri a zanyengo a ku Réunion, amene amalondola anamondwe a dera lino. Mzere wake ukudutsa chilumbacho, kulowanso m'nyanja, n'kudzathera pa chala changa pamene ndinaloza kuti tili apa. Pamtunda amafooka, koma madzi a pakati pa Madagascar ndi Mozambique ndi ofunda, ndipo madzi ofunda ndiye chakudya chake.

Abwana aimba. Khonde tiliiwale, titseke nyumba, tibwerere Lachinayi. Ndinafuna kuwafunsa za malipiro a masabata awiri aja koma ndinameza.

Lachitatu, 22 Febuluwale

Lero ndagwira ntchito imene sindinaiphunzire kwa mmisiri aliyense, ndipo kapitawo anali madala.

Tinayamba ndi mawindo oyang'ana kunyanja. Ine ndimafuna kumata tepi pa magalasi monga ndinaonera pa TV, madala anachita kundiseka: tepi imaletsa chiyani kokonati akabwera ngati chipolopolo? Ndiye tadula shutterboard ija inali ya pansi pa khonde, bolodi lililonse kupitirira windo pang'ono mbali zonse, n'kulimanga ndi masikuluwu m'khoma, osati m'felemu. Felemu ikazuka imapita ndi bolodi lomwe. Chitseko chachikulu chagalasi tachipingasa ndi mitanda iwiri kumbuyo. Akuti mphepo ikangopeza polowera pamodzi, imadzaza m'nyumba n'kukankha denga kuchokera m'kati, ngati ukufuna kutsegula chivundikiro cha poto.

Kenako kudenga. Apa ndiye ndinadziona kuti ndine kalipentala wa kumtunda. Ife timakhoma denga poganiza kuti lisagwe pansi. Kuno amalikhoma kuti lisauluke. Phaso lililonse talimanga ndi waya ku mtanda wa pakhoma, malata a m'mphepete tawaonjezera masikuluwu pa mzere uliwonse, pakuti kusasuka kumayambira pangodya. Mphwanga anakwera mitengo itatu ya pafupi ndi nyumba kugwetsa kokonati yense, wamuwisi ndi wouma yemwe, ndipo tamwa madzi ake mpaka mimba kulira. Mipando ya panja, mbiya za maluwa, wilibala, makwerero, zinyalala za khonde lakale, zonse m'galaja. Chilichonse chimene mwana angathe kunyamula, namondwe angathe kuponya. Gasi tatseka, firiji takhuthula, nyama yonse tapatsa banja la madala.

Masana ndinapita ndi alamu kutauni kukathira dizilo. Mzere wake unali wa ola ndi theka. Tadzaza thanki ndi zigubu ziwiri, tatapanso ndalama ku ATM chifukwa magetsi ndi netiweki zikapita khadi ndi pulasitiki chabe. Mumsika makandulo, machesi, mabatire ndi zingwe zikutha ngati mandasi. Ndikuvutika kufunsa mtengo wa chingwe ndi manja, ndinangomva kumbuyo kwanga: "Achimwene, mukufuna mamita angati?" Mayi wa ku Angónia, m'chigawo cha Tete, Chinyanja chake ngati wa ku Dedza. Ndi iyeyo amene anandimasulira za pawailesi. Kuno chenjezo la namondwe lili ndi mitundu itatu: buluu ndiye kuti kwatsala tsiku limodzi kapena awiri, chikasu ndiye kuti afika tsiku lisanathe, kufiira ndiye kuti kwatsala maola asanu ndi limodzi kapena wafika kale. A INGD, amene ali ngati DoDMA ya kwathu, akuuza a m'malo otsika kuti asamukire m'masukulu. Ndinamufunsa ngati athawe. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi. "Ndithawire kuti ndi matumba a nyembawa? Ndikagona kusukulu, katundu ndamukweza pa thandala."

Pobwerera ndinaona mmene eni dziko amakonzekera. Matumba a mchenga pamwamba pa malata, matayala akale, zingwe zodutsa padenga la udzu n'kuzimanga ku zikhomo pansi mbali zonse. Kugombe amuna makumi awiri amakoka ngalawa imodzi pa mitengo yogubuduza, akuimba, mpaka kuseri kwa mitunda ya mchenga. Zina azilowetsa m'mitengo ya m'matope ija imamera m'madzi a mchere. Alamu sanapirire, anavula shati n'kukagwira nawo chingwe. Palibe amene amalira kapena kuthamanga. Amangogwira ntchito ngati anthu okolola mvula isanagwe.

Titamaliza ya abwana tapita kwa madala ndi mabolodi otsala ndi waya. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, malata asanu ndi atatu. Inatitengera mphindi makumi anayi. Ya abwana, imene simugona munthu, yatidyera tsiku lonse.

Mapasipoti ndi mapepala a galimoto ndawakulunga m'mapulasitiki awiri. Nyanja usiku uno ikulira mosiyana, mafunde akubwera motalikirana koma olemera, ngati munthu akugubuduza migolo.

Lachinayi, 23 Febuluwale, Matola

Usiku tinakangana pang'ono. Mphwanga amafuna titsale, akuti nyumba taimanga bwino ndipo adzajambula vidiyo. Alamu anamufunsa kuti akadzatha ufa, msewu utaduka, adzadya vidiyoyo? Anawonjezera zimene anamva kwa asodzi dzulo: kuno namondwe amazungulira ngati mivi ya wotchi, ndiye mbali ya kummwera kwa diso ndi imene mphepo imachokera kunyanja n'kukankhira madzi ndi mvula kumtunda. Msewu wathu wobwerera uli mbali yomweyo. Kuchedwa tsiku limodzi ndiye kuti tikayenda naye limodzi.

Tanyamuka 4 koloko. Madala anakana kukwera, akuti mlonda sathawa, akagona kusukulu mphepo ikayamba. Koma anatipempha chinthu chimodzi, atavula chipewa: mpongozi wawo ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno, timutengeko ndi ana awiri mpaka ku Maxixe kwa mchemwali wake, kumene nyumba ndi ya njerwa ndipo chipatala chili pafupi. Mphwanga anakwera kumbuyo ndi zida, mayiyo kutsogolo, ana pamiyendo panga. Sitinalankhulane mawu ndi amodzi omwe kwa maola atatu, koma kamtsikana kanagona pachifuwa panga ngati kandidziwa kalekale.

Kutacha tinaona kuti pamsewu pali mitundu iwiri ya anthu othawa. Magalimoto a ku South Africa a manambala a GP ndi MP, akukoka maboti ndi makalavani, onse mphuno kummwera. Ndi anthu apansi, matiresi pamutu, mbuzi pachingwe, poto m'manja, akulowera kusukulu ya pafupi. Ife tinali m'gulu loyambalo chifukwa cha galimoto ya eniake. Ndikanakhala ndi yanga yokha miyendo, bwenzi ndili m'gulu linalo.

Pa Maxixe mchemwali uja anatikakamiza tiyi ndi buledi, sitikanakana. Kuyambira pa Inharrime mvula imabwera mwa apo ndi apo, kuwaza mphindi zisanu n'kuleka. Alamu sanalankhule mpaka titaoloka mlatho wa Limpopo cha m'ma 1 koloko. Atafika tsidya lino anapuma mpweya wautali n'kupempha mbibu.

Lachisanu, 24 Febuluwale, Rosettenville

Boda taoloka m'mawa. Tili cha ku Middelburg mphwanga anawerenga pafoni kuti Freddy wafika pamtunda kummwera kwa Vilankulo. Ndinayesa nambala ya madala, osalowa.

Tafika kunyumba madzulo, magetsi atazima. Mayi a kunyumba anaphika nkhuku ngati tachokera kunkhondo. Anthu a pa yadi yathu, a ku Mzimba, a ku Mangochi, a ku Thyolo, anadzaza m'chipinda kufuna kumva. Ndinachita manyazi pang'ono, pakuti namondweyo sitinamuone ndi maso. Mphwanga ndiye anakometsa nkhani mpaka mafunde anatalika kuposa Ponte, nyumba yansanjika yaitali ija ya mu Joni muno.

Lamulungu, 26 Febuluwale

Madala aimba tikutuluka m'tchalitchi. Ali moyo. Mphepo siinafike pa ya Favio, koma mvula ndiye ikugwabe, madera otsika ali m'madzi. Nyumba ya abwana yangothyokeredwa mpanda. Denga lawo lilipo lonse, pamene la oyandikana nawo lapita. Mpongozi wachira dzulo ku Maxixe, mwana wamwamuna. Ndinafunsa mwanthabwala ngati amutche Freddy, anati dzina la mfiti sapatsa mwana.

Ndawauza amayi zonsezi. Anati Mulungu ndi wamkulu, kenako anafunsa ngati madzi tinkawiritsa.

Abwana alipira theka. Zolemba za ulendo uno zithere pano.

Lachiwiri, 7 Malichi

Ndimayesa ndatseka, koma chinthu chija sichinafe. Chinazungulirazungulira pamtunda, chinabwerera m'nyanja, chakadutsanso pafupi ndi gombe la kummwera chakumadzulo kwa Madagascar cha ku Toliara, ndipo tsopano akuti chakhotera kumpoto chakumadzulo. Pawailesi akuti chingapose namondwe John wa mu 1994, amene anakhala masiku 31. Alamu akuti mvula ikakuona litsiro siikata.

Loweruka, 11 Malichi

Usiku uno akulowera ku Quelimane. Ukayang'ana mapu, kuseri kwa Quelimane ndi Mulanje, Phalombe, Nsanje, Blantyre. A zanyengo kumudzi akhala akuchenjeza sabata yonse, ndipo gulu lathu la pa WhatsApp la anthu a kummwera silikugona.

Ndawaimbira amayi ngati katswiri. Nyumba yawo ndinamanga ndine mu 2019 ndi ndalama za ku Joni kuno, m'mbali mwa phiri la Soche, kumtunda kwenikweni kwa Chilobwe kumene malo anali otsika mtengo. Denga ndinakhoma ndekha. Ndawauza zonse za madala: atunge madzi m'zidebe, atchaje foni, makadi a kuchipatala ndi ziphaso azikulunge m'pulasitiki, achemwali apeze anyamata aike matumba a mchenga pangodya za malata, nthambi za mango zija azidule. Mphepo ikaleka mwadzidzidzi asatuluke.

Amayi anafunsa: "Nanga tisatsikeko kwa azakhali ako ku Zingwangwa?"

Ndinati ayi. Ndinawauza kuti ovutika ndi a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, a m'madambo. "Inu muli pamwamba, amayi. Kumene ndachokera anthu amathawira kumtunda. Madzi sakwera phiri. Khalani m'nyumba, denga limenelo silingapite."

Anangoti, "Chabwino, bambo."

Lolemba, 13 Malichi

Sindinapite kuntchito. Kuyambira 5 koloko m'mawa mavidiyo akungolowa. Matope ofiira akutsika pakati pa nyumba ngati phala, miyala ikuluikulu ngati minibasi, anthu akukumba ndi makasu ndi manja. Ndi Chilobwe. Pa vidiyo ina ndazindikira mtengo wa pa njira yokwerera kwathu, koma kuseri kwake kumene kumayenera kuoneka nyumba kukungooneka mtsinje umene kunalibe.

Foni ya amayi siikulowa. Ya achemwali siikulowa. Magetsi kumudzi kulibe, akuti makina a pa Shire awazimitsa chifukwa cha zinyalala za madzi. Mphwanga wakhala pakona chiyambire m'mawa, akungoimba nambala ya mayi ake, kudula, kuimbanso. Sindingathe kumuyang'ana kumaso. Anali pomwepo Loweruka pamene ndimalankhula.

Madzulo a Chakwera alengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa tsoka. Akuti anthu 99 afa, ambiri mwa iwo mu Blantyre, ndipo mitembo ikupita ku Queens. Amayi a kumpingo abwera kudzakhala nafe. Ayamba nyimbo, ine ndatuluka panja.

Lachiwiri, 14 Malichi

10 koloko m'mawa yalowa nambala yachilendo. Mawu a achemwali. Ndinangomva "tili moyo tonse" n'kupatsira mphwanga foni, miyendo inandithera.

Kenako amayi. Akuti Lamulungu anachita zonse ndinanena, matumba a mchenga ndi zonse. Koma chakumadzulo anaona madzi akutumphuka pansi m'khitchini, pasimenti, ngati kasupe. Atatuluka anapeza kangalande ka kuseri kasanduka kofiira, ndipo kunja kumanunkha dothi lofukula kumene, ngati kumanda. Fungo limenelo analimvapo kamodzi, kwathu ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene ndimakumbuka ndi msana wawo wokha ndi chitenje chonyowa.

Sanadikire. Anatenga pulasitiki ya makadi ija, adzukulu awiri ndi achemwali, n'kuyamba kutsika mumdima, mvula ili pamsana. Anagogoda makomo atatu. Banja limodzi linawatsatira. Ena anati akuba angatimalize, ena anati tiona kukacha. Phiri linatsika usiku womwewo. Mwa amene anati tiona kukacha muli mayi uja ankawasungira amayi kiyi akapita kumsika, ndi ana ake atatu. Awiri awapeza.

Ndinayamba kupepesa za Loweruka, anandidula. "Iwe unanena za kunyanja, bambo. Za phiri ukanazidziwira kuti?" Sindikudziwa ngati amandikhululukira kapena amandikumbutsa kumene ndinabadwira.

Nyumba palibe, ndi maziko omwe. Achemwali akuti anyamata apeza denga lake kumunsi, mamita ambiri kuchoka pamalo pake, litakhala pamwamba pa matope lathunthu. Malata onse ali pa mapaso, sikuluwu ndi imodzi yomwe siinazuke.

Chiwerengero cha lero akuti 190.

Lachisanu, 17 Malichi, Johannesburg

Dzulo chinafika 326, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe kuli midzi imene anthu sanafikeko chifukwa milatho inapita. Dziko lili pa masiku 14 a maliro. Pa yadi yathu yokha, anthu atatu ataya abale. Tasonkha zimene tingathe: mabulangete, mapoto, zovala za ana, ndipo wa transipoti wina wa ku Mangochi wavomera kunyamula mabelo awiri ulere. Ndalama tatumiza pa Mukuru kuti agule ufa ndi mankhwala othira m'madzi, pakuti kolera ija amayi ankaiopa tsopano ili ndi misasa yodzaza anthu.

Madala anaimba usiku, anamva pawailesi. Chizulu chathu chinatithera, tinangokhala chete pafoni, iwo uko ine kuno, mpaka mayunitsi awo anatha.

Basi inyamuka mawa m'mawa: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza. Ndikupita ndi mphwanga. Alamu atsala, wina ayenera kulipira lendi. Hamala ndaika m'chikwama, ngakhale sindikudziwa kuti ndikakhoma pati. Amayi anena kale kuti kuphiri kuja sabwererako, ngakhale ndiwamangire ya nsanjika.

Ndawafunsa choti ndiwatengere kuno. Anaganiza kaye, kenako anati nsapato, saizi 6. Anatsika phiri lija opanda.